Kuperekeza Asewere pa Sitima Yozungulira

Takondwa, ika foniyo pansi. Lonjezo, tsika pampandopo, ukhale apa pafupi ndi ine. Ana inu, lero ndili ndi funso la mawu amodzi okha. Kuperekeza n'kutani?

Takondwa akuti ndi kuponya ndalama m'mbale kutchalitchi. Kumeneko ndi kupereka, mdzukulu wanga, koma wayesetsa. Lonjezo wangoti "nae idea", ndiko kuti sakudziwa, m'Chingerezi cha kuno chimene ine, munthu amene ndinagwira ntchito ya nyuzipepala mpaka imvi, ndimamva theka lokha.

Kuperekeza ndi kutuluka ndi mlendo pamene akupita kwawo, kumunyamulira katundu, kuyenda naye kamtunda, kenako n'kubwerera. Kuno ku Govan, kudziko la azungu, mlendo akamapita mumangoti "cheerio", chitseko gu, maso abwerera pa TV iye asanatsike masitepe oyamba. Sindikukudzudzulani, ndi mmene mwapezera dziko. Koma mawu amenewa anatsala pang'ono kukulandani agogo anu aakazi, ndipo ndi mawu omwewa amene anawasunga. Ndiyambire kutali pang'ono, monga ankatiphunzitsira kunyuzipepala: nkhani ikhale ndi mutu, thupi ndi mchira.

Kwathu, pakati pa Ntcheu ndi Balaka, ndili mwana ulendo unali wa miyendo. Mlendo wamba tinkamuperekeza mpaka kumapeto kwa minda. Mlendo wolemekezeka, monga malume kapena apongozi, tinkamufikitsa pamtsinje. Katundu ankakhala pamutu pa woperekeza, ndipo kumutula usanafike pamalo oyenera chinali chipongwe. Mlendo ankati, "Bwererani pano," iwe n'kukana. Ankanenanso, iwe n'kukananso. Pamtsinje ndi pamene mawuwo ankakhala enieni.

Musaganize kuti kunali kungotaya nthawi. Pamphasa, anthu onse ali pomwepo, mlendo ankakamba za mvula ndi za mbuzi. Nkhani imene anadzeradi inkatuluka panjira, anthu awiri akuyenda wina patsogolo wina pambuyo, osayang'anizana. Matenda, ukwati umene ukugwedezeka, mwana amene wasochera m'tauni, zonsezi zinkamveka pakati pa minda ndi mtsinje.

Agogo anga aamuna anali mtengatenga, ndiko kuti munthu wolembedwa ntchito yosenza katundu pamutu, msewu wa galimoto kulibe. Anasenzapo mchere, nsalu, ngakhale mzungu wamoyo m'machila, amene ndi nsalu yomangirira kumtengo woti anthu anyamule pamapewa. Koma katundu amene sankamuiwala ndi zitsulo. Maboti oyendera nthunzi ankabwera ali zidutswazidutswa, ndipo pamathithi a Shire, pamene boti silingadutse, anthu ankasenza zidutswazo mpaka kumtunda. Agogo ankati chitsulo chikatentha ndi dzuwa, nkhata ya pamutu inkanunkha ngati ikupsa. Ankati sanaonepo botilo litalumikizidwa. Anangodziwa nthiti yake imodzi.

Nditafika kuno ndinapita kunyumba yosungiramo zinthu zakale ija ya m'mbali mwa mtsinje, kumene mumakonda kukwera m'matiramu osayenda, timasitima takale toyenda mumsewu tija. Kumeneko ndinatsimikiza kuti maboti ena a kwathu anapangidwa pamtsinje womwe uno wa Clyde. Kodi chitsulo cha agogo anga chinasulidwa kuno? Sindinena, chifukwa umboni ndilibe. Koma ndikamadutsa pampanda wa kumene akupangabe zombo, ndimachepetsa liwiro.

Ngakhale mawu akuti sitima anabwera ndi maboti amenewo. Ndi dzina lawo la Chingerezi limene lilime lathu linafewetsa. Njanji itafika, anthu anaona chinthu china chautsi, cholira, chonyamula khamu, n'kuti nachonso ndi sitima. N'chifukwa chake mpaka lero timachita kufunsa: ya pamadzi kapena ya pamtunda?

Chilichonse chatsopano chinkadula kuperekeza pang'ono. Njinga itabwera, woperekeza ankakankha njinga ya mlendo, mwiniwake akuyenda manja ali kumbuyo ngati bwana. Zimenezo zinali bwinobe. Sitima ndi imene inasokoneza. Pasiteshoni ya Balaka ndinaona koyamba kuti wolekanitsa anthu salinso mlendo, koma munthu wa yunifomu wokhala ndi wezulo. Tsiku limene ndinkapita ku Blantyre kukayamba ntchito, mayi anga anandikonzera kamba wa chinangwa chophika, mazira owiritsa ndi nkhuku yootcha yokulunga m'masamba a nthochi. Panjira yonse sananene kanthu, ankadikira malo oyenera. Wezulo analira asanayambe. Anathamanga m'mbali mwa sitima, chitenje chili m'manja, akukuwa pawindo kuti, "Usakakwatire mkazi wosadziwa kulonjera!" Anthu onse m'bogi anaseka, ndipo mayi wina wa nzimbe anati, "Mwamva, achimwene? Ine ndimalonjera."

Phulusa la malasha linkalowa m'maso, malaya oyera ankafika ku Limbe ali ngati a wowotcha makala, koma ulendo umene agogo anga ankayenda mpaka mapazi kung'aluka, ine ndinauyenda nditakhala pansi, ndikudya dzira. Musamve za anthu oti kale zonse zinali bwino. Sitima inali yokoma.

Agogo anu, a Nambewe, ndinawafunsira ndikuwaperekeza. Ankachokera kukwaya, ine ndikuwanyamulira ambulera ngakhale kunalibe mtambo. Ku Ndirande kuli timitsinje tambiri, koma tinawoloka tonse osamva "bwererani pano". Mawuwo anawanena tili pageti la malume awo, malumewo ataima pomwepo. Lonjezo, usaseke. Ukadzakula udzadziwa kuti pamenepo munthu wayankhidwa kale.

Kenako kunabwera mabasi, malole a matola, maminibasi. Pomaliza ndege. Pabwalo la ndege woperekeza amatsala kuseri kwa galasi, akugwedeza mkono kwa munthu amene sakumuona.

Ndi ndege imene inatibweretsa kuno, mayi anu Tiyamike atatiitana kuti tidzathandize kulera Takondwa, iwo akugwira mashifiti kuchipatala chachikulu chija. Ine ndinazolowera msanga. Mtolankhani akapeza zofunsa wapeza kwawo. Ndinafufuza kuti nyumba zosanjikizana zino zinamangidwira mabanja a ogwira ntchito m'mafakitale ndi mopangira zombo, kuti munthu adzuke n'kufika pantchito wapansi. Ndinamva kuti m'misewu muno munkayenda matiramu okokedwa ndi akavalo, kenako a magetsi, ndipo anthu ankawoloka kupita ku Partick pa boti. Ndinapezanso kuti Subway, sitima ya pansi pa nthaka ija, inatsegulidwa mu 1896, ndipo poyamba inkakokedwa ndi chingwe chachitsulo. Taganizani, pamene agogo anga ankasenza chitsulo pamutu, anthu a kuno ankayenda kale pansi pa nthaka.

Ndinkabwera ndi mfundo zimenezi madzulo ngati mlenje wobwera ndi nyama. Agogo anu sankazilawa n'komwe.

Iwo zinthu zinawavuta. Dzuwa linkalowa anthu asanamwe tiyi wa masana. Pamasitepe opapatizawa akakumana ndi bambo anu, amene ndi mkamwini wawo, analibe kopatukira monga mwa mwambo, ndiye ankangotembenukira kukhoma ngati akuwerenga njerwa. Mayi wachikulire wa chipinda chapansi anawalonjera tsiku lina kuti, "Awright, hen?" Atandifunsa tanthauzo, ine wokonda zoona ndinati mawu omalizawo ndi nkhuku yaikazi. Ndisanafotokoze kuti kuno ndi mawu achikondi, anali atakwera kale masitepe onse. Kutchalitchi ku Shawlands tinkapita pagalimoto ya bambo anu. Mapemphero akatha, moni wachangu, aliyense n'kuthamangira basi kapena shifiti. Za sitima yapansi ananeneratu kuti, "Pansi pa nthaka munthu amalowa kamodzi, ndipo amachita kumunyamula."

Nyengo yozizira ikutha, anaitana mayi anu n'kunena kuti, "Tiyamike, undigulire tikiti. Pasaka ikadutsa ndikupita kwathu. Kuno munthu amalankhula ndi ndani? Dziko loti mlendo amatsanzikidwa pachitseko ine sindingalithe."

Mayi anu analira, bambo anu anayang'ana pansi. Ine ndinali pakati ngati njanji ya pamlatho. Kutsala popanda munthu amene ndakhala naye moyo wonse sindikanatha. Kukusiya iwe Takondwa, utangoyamba kumene kuyenda ukugwira bondo langa, sindinafune. Ndinayesa mfundo zanga zonse, koma agogo anu mumawadziwa.

Ndiye kunabwera Lachinayi lina. Agogo anu a ku Partick, a Nachisale, amene ndi mayi a bambo anu, anali pa ofu kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, ndipo anabwera kudzationa. Makolo a mwamuna ndi makolo a mkazi amaitanana kuti asewere, ndipo palibe mlendo woposa ameneyo. Tinadya, tinakamba za mvula ya kuno ndi mtengo wa ufa, zonse mwaulemu ngati msonkhano wa akuluampingo. Pamene ankanyamuka, agogo anu anawaikira mbatata m'chikwama, n'kuchinyamula okha. Ine ndinasiya Takondwa kwa mayi wa chipinda chapansi uja, n'kuwatsatira.

Titafika pachitseko cha pansi, a Nachisale anati, "Bwererani pano, asewere, kukuzizira."

"Asewere sasiyidwa pakhomo ngati wokonza mapaipi. Kwanu n'kuti?"

"Kutsidya kwa mtsinje."

"Ndiye ndikakusiyani pamtsinje."

A Nachisale anawayang'ana pang'ono, n'kuti, "Chabwino. Njira yake ndi iyi." Analunjika kusiteshoni ya Subway.

Pakhomo la siteshoni agogo anu anaima. Anayang'ana masitepe oyenda okha akutsikira pansi, anayang'ana chikwama chili m'manja mwawo. Kuchipereka pamenepo, mtsinje usanaoneke, kukanakhala kunyoza asewere. Ndinaona milomo yawo ikuyenda, ankaimba nyimbo ya m'buku chamumtima.

"Bambo a Tiyamike, gulani matikiti," anatero. "Ndikafa mukauze abale anga kuti ndinafera ulemu."

Anatsika atatsinzina, dzanja limodzi pachikwama, lina litandigwira pamkono mpaka zikhadabo kudinda.

Inu mumaidziwa sitima imeneyi, ngakhale ya nthawi imeneyo inali yakale ija, osati zatsopanozi. Ndi yaing'ono, munthu wamtali amawerama. Mipando ndi yoyang'anizana, mawondo amatsala pang'ono kugundana. Phokoso lake ndi la chigayo. Ndipo pali mfundo imene agogo anu sankaidziwa: kuchoka pa Govan, siteshoni yotsatira ndi Partick, ndipo pakati pake sitimayo imadutsa pansi pa mtsinje. Pawindo umangoona mdima ndi nkhope yako.

Sitima itaima ndinaimirira. "Tafika pa Partick. Mtsinje tadutsa."

"Mwauona?" anafunsa agogo anu.

"Sungaoneke. Tadutsa pansi pake."

"Madzi pamwamba, ife pansi, osanyowa ngakhale duku? Zimenezo mukalembe mu nyuzipepala, bambo a Tiyamike. Ine ndinati pamtsinje."

Ndinatembenukira kwa a Nachisale, amene ankakwera sitima imeneyi tsiku ndi tsiku, kuti andichitire umboni. Iwo anayang'ana kudenga, n'kundiponda phazi ndi nsapato yawo ya kuntchito, yolemera ngati njerwa.

"Khalani pansi, asewere aamuna," anatero. "Mukutitchinga."

Zitseko zinatsekeka. Ndinakhala pansi.

Pamenepo ndi pamene nkhani inayamba. Chifukwa cha phokoso ankachita kukuwa, koma m'bogi monse munalibe womva Chichewa kupatula ine, ndipo ine anali atandichotsa kale pa chiwerengero cha anthu.

"Asewere, ndamva kuti mukupita," anatero a Nachisale.

"Ndikupita. Ndatopa n'kulankhula ndi windo."

"Inu muli ndi windo ndi mwamuna wolongolola. Ine chimwalirireni bambo a kunyumba ndimadya choimirira, mbale ili pasinki. Kuntchito ndimasambitsa amayi a eni ake, ndimawapesa, ndimawaimbira. Ndikafika kunyumba palibe woti andifunse kuti mwaswera bwanji."

Agogo anu anati, "Bwanji simunanene pakhomo paja?"

"Pamphasa? Pamaso pa atolankhani?"

Anaseka onse awiri, chiseko chogundana manja chija. Mnyamata wa ndolo pamphuno amene anakhala pafupi anavula zomvera nyimbo m'makutu kuti aone chachitika.

"Komanso," anapitiriza a Nachisale, "mwana wanu mwamuona mmene akuyendera? Mwaona kuti wasiya kudya mazira?"

"Ndinaona kalekale. Ndimadikira kuti anene yekha."

"Nanga mlendo akubwerayo adzamusambitsa ndani? Ine ndi mashifiti angawa? Kapena awa, amene adzayambe kufufuza kaye kuti beseni linapangidwa chaka chanji?"

Mlendo ameneyo ndiwe, Lonjezo. Nkhani yako inalengezedwa koyamba pansi pa nthaka, penapake cha ku Hillhead, mokuwa.

Kuchoka pamenepo nkhani zinangotsetsereka. Anakambirana za mkonono wa bambo anu, amene a Nachisale anati anayamba ali wakhanda. Anatsutsana za mphuno ya Takondwa, kuti ndi ya kwathu kwa Phiri kapena ya kwawo kwa Chisale. Anagwirizana kuti nsomba za kuno zilibe fungo la nsomba. Pakati pa tauni, pamene sitima imadutsanso pansi pa mtsinje kubwerera mbali yathu, ndinakweza chala kuti ndinene. Maso anayi anandiyang'ana, chalacho ndinakandira mutu.

Kenako sitima inaima, agogo anu n'kuwerenga chikwangwani.

"Govan? Kodi ma Govan alipo angati?"

"Mmodzi yekha," ndinatero, ndikusangalala kuti mfundo yafunika. "Njanjiyi ndi yozungulira ngati nkhata. Ilibe poyambira, ilibe pothera. Ina imazungulira chakumanja, ina chakumanzere."

Anandiyang'ana, anayang'ana a Nachisale, kenako anayamba kuseka mpaka misozi. Chiseko chotero ndinali ndisanachimve chichokereni ku Chileka.

"Anthu awa," anatero akupukuta m'maso ndi nsonga ya duku, "anakumba dzenje lonseli kuti apange sitima yosapita kulikonse?"

"Yopita kulikonse," ndinawakonza.

"Asewere," anatero a Nachisale, akulanda chikwama chija, "pano ndi kwanu, ndiye mlendo tsopano ndinu. Ndikuperekezeni."

"Mpaka pati?"

"Mpaka pamtsinje."

Agogo anu anakhazikika bwino pampando. "Bambo a Tiyamike, inu tsikani. Mukatenge mwana kwa mayi wa chipinda chapansi uja, wa nkhuku. Mukathokoze bwino."

Ndinatsika. Ndinaima papulatifomu ngati mayi anga pa Balaka, ndikuona mitu iwiri ya maduku ikulowa mumdima, yoweramirana. Anazungulira kangati tsiku limenelo? Sananene, ndipo ine sindilemba nambala imene sindinaione. Chimene ndikudziwa n'chakuti agogo anu anabwera dzuwa lisanalowe, okha, atakwera yozungulira mbali inayo popanda wowalangiza, m'manja muli paketi ya mabisiketi a batala imene sanachoke nayo pakhomo.

Pa chakudya chamadzulo mayi anu, atangoweruka, anati, "Amayi, tikiti ija ndaiona, ndilipire mawa?"

Agogo anu anamaliza kaye kutafuna. "Uisiye. Munthu sanyamuka ali pakati poperekeza mlendo." Kenako anawonjezera, osakweza maso, "Ndipo iwe uyambe kuvala zomasuka. Ukubisa chiyani, dzungu m'thumba la shuga?"

Bambo anu anatsamwa ndi madzi. Ine ndinapempha ndiwo zina, ngakhale m'mbale munali modzaza.

Kuyambira pamenepo Lachinayi ndi lawo. A Nachisale anapuma pantchito, koma tsikulo silinasinthe. N'chifukwa chake lero mwandipeza ndekha, n'chifukwa chakenso mpunga wapsererako pansi, ndipo zimenezo zikhale pakati pa ife atatu. Panopa ali pansi pathu penapake, akukuwa za inu, mphuno zanu ndi Chichewa chanu chopunduka. Mayi wa nkhuku uja nayenso anawaperekezapo, ndipo anabwerako akudziwa kunena kuti zikomo.

Mukudziwa kuti posachedwapa anamanga mlatho wa oyenda pansi pakati pa Govan ndi Partick. Utatsegulidwa ndinapita kukauyendera, ndinauona mmene umatembenukira kuti maboti adutse, n'kubwera ndi uthenga. Ndinawapeza onse awiri m'khitchini muno akuvala majasi.

"Amayi, mavuto atha," ndinatero. "Simufunikanso kulowa pansi. Pali mlatho wabwino, mphepo yabwino, madzi mukuwaona ndi maso, mpaka abakha."

A Nachisale anapitiriza kumanga mabatani. Agogo anu anatenga chikwama cha asewere awo, n'kundiyang'ana mmene amayang'anira mwana amene wavala nsapato mosemphanitsa.

"Bambo a Tiyamike, munaphunzira kwambiri, koma pena mumandimvetsa chisoni. Pamlathopo mtsinje umaoneka. Ndiye mukufuna ndibwerere?"